Njinga ya Pa Njerwa

Zaka khumi ndi zinayi ndinapalasa kabaza pa Kamuzu Road.
Ndinanyamula aphunzitsi, matumba a makala,
mbuzi yomangidwa miyendo ikundilirira kumsana,
mayi woyembekezera usiku wa mvula, matenda atayamba,
ndipo sindinatsikepo pachitunda kuti ndikankhe.
Kafunseni Twaibu, akakuuzani.

Lero kuchoka pakhonde kukafika pa mtengo wa nimu
ndi ulendo wofunika kutsanzika.

Kutopa kumene ndinkakudziwa kale kunali ndi ulemu:
kunkabwera madzulo, ndalama zili m'thumba,
ukasamba n'kugona, m'mawa wapeza kwapita.
Uku ndi kwachilendo.
Kumadzuka ine ndisanadzuke,
kumakhala pa kaliyala mwakachetechete,
osanena kotsikira, osalipira.

Lolemba ndi Lachinayi, minibasi ya m'mbandakucha,
mapiri a Mvera ndimawadutsa mutu uli pa windo.
Ku Lilongwe makina amandibwereka magazi,
maola anayi akuzungulira m'timapaipi
kugwira ganyu imene impso zanga zinatula pansi.
Amati andibwezera oyera. Mwina.
Koma pofika kunyumba ndimakhala ngati chubu
chimene zigamba zachuluka kuposa labala.

Ndiye tsiku lina a Msowoya a mafizo
anaima kumiyendo kwa bedi, nati:
"Bambo, muyambe kupalasa."
Ndinaseka mpaka makina analira, namwino n'kubwera chothamanga.
Munthu wotopa mukumupatsa ntchito?
Iwo sanaseke.
"Miyendo ikakhalitsa imaiwala," anatero,
"ikaiwala, kutopa kumanenepa.
Pang'onopang'ono. Mukamva chizungulire, siyani.
Ndipo mkono wa mtsemphawo musaulemetse."

Lonjezo anatsitsa njinga yanga kudenga,
akangaude atamanga mudzi m'masipoko.
Tayala lakumbuyo analiimika m'mwamba,
njerwa zinayi uku, zinayi uko, chingwe ku nsanamira.
Nangondo anagwira foni kuwerenga nthawi.
Tsiku loyamba: mphindi zitatu.
Ine, wofika ku Chipoka n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo,
mphindi zitatu,
thukuta ngati ndakwera Ntchisi ndi thumba la simenti.
Anazilemba pakhoma ndi khala.
Sindinamuyang'ane.

Ana a m'nyumba zoyandikana anadzaza pampanda.
"Ankolo, mukupita kuti?"
Ku Khombedza, ndinatero, ndani akwera?
Kamtsikana ka a Bwanali kanakhala pa kushoni
kakugwira malaya anga ngati tili pamsewu,
kakufuula kuti ndisamale galimoto.

Madzi anga a tsiku lonse ali m'botolo limodzi,
Okutobala wa Salima salabadira zimenezo.
Ndimanyowetsa milomo, ndimachukucha, ndimalavula.
Nthochi zimapsa kuseri kwa bafa, amadya ena.
Alipo masiku amene khoma sililandira kanthu:
Lachiwiri lina ndinangogwira handulo,
n'kubwerera pamphasa, nkhope kukhoma,
Nangondo n'kubweza khala pawindo osanena mawu.

Koma taonani mzerewo mmene wakhotera.
Zitatu, zitatu, zisanu, palibe, zinayi,
zisanu ndi ziwiri, palibe, palibe, khumi.
Suwongoka ngati msewu wa tala,
ndi njira ya kumunda, yozemba zitsa.

Impso sizinabwerere, musandimve molakwa.
Lachinayi ndilinso pa minibasi.
Mlendo uja akadali pa kaliyala,
kungoti masiku ena amakhala chammbali
ndipo ndimatha kuona kumene ndikupita.

Loweruka ndinayenda wapansi mpaka kuchigayo.
Ndinapuma kawiri, pa mjigo ndi pa wowotcherera zitsulo,
ngati munthu wongocheza.
Pobwerera miyendo inati basi.
Twaibu anaima, ndinakwera kumbuyo,
koyamba m'moyo wanga kuona msana wa mnzanga
ukugwira ntchito yanga.
Ndalama anakana.
Ndinamuuza kuti tcheni chake chauma,
ndi kuti pokhota pa msika
amachedwa kuimirira pa mapedulo.